Mafulasiki asanu ndi nsalu ya apongozi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wachitsikana wa ku Area 25 ku Lilongwe, yemwe ukwati wake sunathe n'chaka chomwe. Mwachidule akuti: "Pa bridal shower ndi pa ukwati tinalandira mafulasiki asanu, mbale za mtundu umodzi makatoni awiri, ndi mabeseni osawerengeka. Nyumba yathu ndi ya chipinda chimodzi, moti katunduyu wangodzaza kunsi kwa bedi. Apongozi anga aakazi anandipatsanso nsalu imene sindiikonda n'komwe. Amuna anga akuti tigulitse zonse tipeze ya lendi. Kodi ndi kulakwa? Nanga eni ake akadzamva?"

Achemwali, kulakwa palibe. Chinthu akakupatsani ndi chanu, ndipo fulasiki yokhala kunsi kwa bedi sikuthandiza inu kapena mwini wake uja. Koma mawu akuti "zonse" a bambo akunyumbawo ndi amene ndikuwakana. Katunduyu musamusankhe poona kuti ichi n'chokongola, ichi ayi. Musankheni poyang'ana amene anapereka.

Pa ukwati pamakhala munthu wolemba mphatso m'kabuku. Kapezeni kabukuko, kapena muwafunse amene anali ku tebulo la mphatso. Mudzaona kuti zinthu zambiri zinachokera kwa anzanu akuntchito, amayi a kumpingo amene anasonkherana, ndi anthu oitanidwa ndi makolo anu omwe simuwadziwa n'komwe nkhope. Anthu amenewa sadzabwera kudzasuzumira m'kabati mwanu. Ena anaiwala kale kuti anagula chiyani, poti m'miyezi ya maukwati munthu amapita ku bridal shower pafupifupi Loweruka lililonse. Mwinanso fulasiki imodzi mwa zisanuzo inafika kwa inu itachokera kunsi kwa bedi la wina.

Zimenezi ndiye zopereka kwa ena popanda mantha. Sungani mafulasiki awiri, chifukwa masiku a maliro kapena wodwala akagonekedwa kuchipatala imodzi sikwanira. Otsalawo adikire ukwati wotsatira. Chotsani kakhadi kali mkati mwa katoni, onaninso ngati sanalembe dzina ndi cholembera pansi pake, kenako mukulunge ndi pepala latsopano. Chachikulu n'chakuti mphatso isabwerere m'gulu lomwe inachokera: ya kumpingo ipite kwa mnzanu wa kuntchito, ya kuntchito ipite kwa msuweni. Amayi a mvano amazindikira beseni lawo ngakhale patapita zaka.

Kugulitsa n'kotheka, koma apa m'pamene ambiri amagwidwira. Kuika chithunzi pa WhatsApp status ndi mtengo wake n'chimodzimodzi kulengeza pa chinkuzamawu, chifukwa amene anakupatsani ali ndi nambala yanu. Pa Facebook napo Lilongwe ndi yaing'ono. Ngati lendi yavutadi, lankhulani ndi munthu wa shopu ya ziwiya kumsika, kapena mupatse mnzanu wokhala dera lina akugulitsireni. Mtengo udzatsika, musadabwe, ndipo ndalama yake mwina singakwane n'theka la lendi lomwe. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kusunga kuti mudzapereke pa ukwati wa ena kumapindulitsa kuposa kugulitsa: tsiku limenelo simudzatulutsa ndalama m'thumba.

Tsopano nsalu ya apongozi. Iyi musaigulitse, musaipereke, ngakhale kwa mayi anu okubalani. Apongozi sanakupatseni nsalu chabe ayi, akufuna aone ngati mwawalandira. Adzaifunafuna ndi maso tsiku loyamba limene mudzapite kumudzi, ndipo akapanda kuiona sadzafunsa inu, adzafunsa mwana wawo, kapena adzangosunga mumtima. Choipitsitsa n'chakuti aione m'chiuno mwa wantchito wanu kapena itasanduka chokolopera.

Simukuikonda, chabwino, koma kodi imavuta n'chiyani kuivala kawiri pa chaka? Ivaleni popita kukawaona, muphike nayo nsima pakhomo pawo, mujambulitse chithunzi. Pa 15 October, tsiku la anakubala, mukawapititsira yawo mphatso mutavala nsalu imene anakupatsani, mwamaliza nkhani ya chaka chonse. Ngati mtundu wake ukukukanikani pathupi, telala akhoza kuisoka kukhala nsalu ya pa tebulo kapena zovundikira mapilo a pabalaza, koma yambani mwaivala iwo akuona. Ndipo mwana akadzabadwa, mbereko sasankha mtundu.

Chimodzimodzi mphatso za ankhoswe, azakhali ndi agogo. Izi zili ndi maso. Agogo akakugwirirani nkhuku yamoyo pamene mukukwera minibasi, simunena kuti kutauni kulibe khola. Mumagwada, kulandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Mukafika iphani, mudye, muwaimbire foni kuti inali yonona. Chimene agogo amafuna n'kumva kuti mwadya, sakuyembekezera kuti muiwete pa lendi.

Mabeseni ndi mbale zotsala zili ndi kopita kwambiri kuposa mmene mukuganizira. Amene anaona mmene zinalili namondwe wa Freddy atawononga ku Chilobwe ndi madera ena akummwera mu March 2023 akudziwa kuti munthu wothawira pa kampu amasowa ndowa, mbale ndi chofunda asanasowe china chilichonse chapamwamba. Simufunika kudikira tsoka lalikulu chotero. Pa chipatala chilichonse chachikulu pali malo ogona odikirira odwala, ndipo ambiri a iwo anachoka kumudzi mothamanga opanda poto. Mipingo yambiri ili ndi gulu loyendera odwala ndi akaidi. Apatseni iwowo, amadziwa amene akusowa. Pempho langa n'lakuti mupereke zinthu zabwinobwino. Kapu yong'aluka ndi ya kudzala, osati ya wosauka.

Pali mtundu wina wa mphatso umene simunafunse, koma ndiutchule poti enanso amawerenga. Mphatso yochokera kwa munthu amene akufuna kanthu kwa inu, kaya ndi bambo amene akudziwa kuti muli pabanja, kaya ndi wofuna kuti mumudumphitse mzere kuofesi, imeneyo sasunga ndipo sapatsira wina. Imabwezedwa tsiku lomwelo, pamaso pa mboni ngati n'kotheka. Kwa ogwira ntchito m'boma, nkhani zotere n'zimene zimakafika ku bungwe lothana ndi ziphuphu la Anti-Corruption Bureau.

Kwa inu achemwali, ntchito ya Loweruka likubwerali ndi iyi: tulutsani zonse kunsi kwa bedi, kabuku kali m'manja, bambowo ali pomwepo. Zochokera kwa abale awo asankhe okha zoti zichoke, kuti mawa alamu anu akadzafunsa za mbale zawo, woyankha adzakhale iwowo.