Mayi anu sakunama, 1989 chinalidi chaka cha chivomezi

Imelo iyi inabwera Lachiwiri usiku ndipo ndakhala nayo masiku atatu osayankha, ulesi ayi, inangondikhudza penapake basi. Mchemwali wina amene anabadwa mu 1989 akuti mayi ake amangomuuza kuti "iwe unabadwa chaka cha chivomezi", ndiye akufunsa ngati n'zoona kuti chaka chimenecho dziko lonse lapansi linkagwedezeka, komanso ngati achite mantha poti wagula puloti ku Salima ndipo akufuna ayambe kumanga.

Achemwali, mayi anu sakunama. Ine ndinalipo.

Ndinali ndi zaka 11, Sitandade 5, tinkakhala chakufupi ndi Chipoka. Linali Lachisanu pa 10 Malichi, nthawi itatsala pang'ono kukwana 12 koloko usiku. Dzulo lake kunali kutagwedezeka kale, anthu n'kumangoseka pachitsime kuti mwamva zija, osadziwa kuti kunali kugogoda chabe, mlendo weniweni akubwera. Anthu akamafotokoza chivomezi amathamangira kunena za kugwedezeka, koma ine chimene sichinandichoke m'mutu mpaka lero ndi phokoso. Ife ana a ku Chipoka sitima tinkaidziwa bwino, njanji imadutsa pomwepo, ndiye nditadzidzimuka ndinaganiza kuti ndi sitima ya katundu, kenako n'kuzindikira kuti sitima imeneyi ikudutsa pansi pa mphasa yanga. Malata akulira, mbale zikugwa pathandala, agalu m'mudzi monse auwa nthawi imodzi, amayi akukuwa kuti tulukani tulukani, koma chitseko chakana kutseguka chifukwa felemu yake yapindika. Bambo anachita kuchimenya ndi phewa katatu. Titatuluka tonse n'kuyamba kuwerengana, mng'ono wanga palibe, bambo kubwereranso m'nyumba ikugwedezekabe, kukam'peza mwana ali mtulo tofa nato, dothi la pakhoma lili mbwee pabulangete. Mpaka lero munthu ameneyu timamunena kuti ngakhale lipenga lomaliza adzachita kudzutsidwa.

Panjapo ena akuimba nyimbo za kutchalitchi, ena akulira, bambo wina woyandikana nafe anatuluka atangofunda thaulo ndipo anakhala choncho mpaka kunacha. Agogo anga aakazi anangokhala pansi n'kunena kuti ndi Napolo akusamuka, musiyeni adutse. Kutacha ndi pomwe tinaona. Nyumba yathu inali ya njerwa zootcha, ya malata, bambo ankainyadira kwambiri chifukwa pamudzi panali zochepa zotere, koma njerwazo anamangira dothi, simenti inangopita pa pulasitala wa kutsogolo kuti alendo aziona. Khoma la pamwamba lija losongoka, limene amisiri amati gebulo, linagwera kunja lonse n'kuphwanya khola la nkhuku, likanagwera mkati bwenzi nkhani iyi akulemba ndi wina. Mng'alu unachoka pa windo mpaka pansi, dzanja langa linkalowa. Pomwe kanyumba ka agogo kozika mitengo n'kumata dothi, kofolera udzu, kamene bambo ankati tikagwetse n'kochititsa manyazi, kanangothothoka dothi pang'ono basi, kali chiimire. Agogo sanalankhule kanthu, ankangoyang'ana bambo, ndipo kuyang'ana kumeneko kunali kokwanira.

Tinagona panja pafupifupi milungu iwiri chifukwa tizivomezi ting'onoting'ono tinkabwerabe, Malichi mukumudziwa, mvula isanathe, udzudzu wa kunyanja uli pakalapakala, theka la nyumba yathu linadwala malungo. Chivomezi chimenecho mphamvu yake pa sikelo yoyezera zivomezi inapitirira 6 pang'ono, chinapha anthu 9, ovulala pafupifupi 100, ndipo anthu pafupifupi 50,000 anatsala opanda pogona ku Salima, Dedza mpaka mbali za Mchinji. Chinamvekanso ku Zambia ndi ku Mozambique, ku Tete ndi ku Niassa. Anthu 50,000 achemwali. Koma funsani mwana wa ku sekondale lero ngati anamvapo, adzakuyang'anani ngati mukupeka.

Tsopano za dziko lonse lapansi. Nthawi imeneyo ife tinali ndi wailesi imodzi, MBC, kanema wa dziko lino anadzabwera mu 1999, ndiye zambiri ndinadzaziwerenga ndili wamkulu, ndipo nditaziika pamodzi ndinadabwa.

Chaka chinayamba ndi Tajikistan, nthawi imeneyo ali mbali ya Soviet Union. Pa 23 Januwale m'bandakucha, kufupi ndi mzinda wa Dushanbe, ku dera la Gissar, kunachita chivomezi cha 5.3. Chaching'ono, chocheperapo kuposa chathu. Koma dothi la m'mapiri akumeneko ndi lofewa ngati ufa ndipo linali litamwa madzi a mthirira kwa zaka zambiri, ndiye litangogwedezeka linasanduka phala n'kutsetsereka, kukwirira mudzi wa Sharora anthu ali m'tulo. Anafa anthu 274. Chivomezi cha 5.3, ndicho chinapha anthu ambiri chaka chonsecho. Ndikamawerenga zimenezi ndimakumbukira za ku Phalombe mu Malichi 1991, phiri kutsika ndi matope ndi miyala, kungoti uko inayambitsa ndi mvula, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake agogo zonse ankangoti Napolo, kwa munthu amene ali pansi pa phiri kusiyana kwake kulibe.

Ndiye gwirani apa. Chivomezi chachikulu kupambana zonse mu 1989 chinachitika pa 23 Meyi, mphamvu yake kufika 8, pansi pa nyanja kum'mwera kwa New Zealand, kufupi ndi kachilumba kotchedwa Macquarie. Pa sikelo imeneyi nambala imodzi ikakwera ndiye kuti mphamvu yachuluka ka 32, ndiye kuchoka pa 6 kufika pa 8 ndi ka 1,000, werengani nokha kuti chathu cha ku Salima chinali kamwana bwanji pamaso pa chimenechi. Anafa angati? Palibe ndi mmodzi yemwe. Kulibe midzi, kuli mbalame za m'nyanja ndi asayansi ochepa basi. Ichi n'chifukwa chake ndimapsa mtima anthu akamatumizirana pa WhatsApp kuti eee kwachitika cha 7 kwinakwake dziko latha. Nambala payokha sinena kanthu. Chachitikira pati, chakuya bwanji, dothi lake ndi lotani, anthu agona m'nyumba zotani, nthawi ili bwanji, mafunso ndi amenewo.

Pa 1 Ogasiti ku Irian Jaya, kum'mawa kwa Indonesia, cha 6.0 chinagumula mapiri n'kukwirira midzi, anthu oposa 100 anapita. Munamvapo? Inenso ndinali ndisanamvepo mpaka nditachita kufufuza. Mu Okutobala ku China kufupi ndi Datong, kenako ku Algeria pa 29 Okutobala mbali za Tipaza, konseko anthu anafa makumi angapo, nyumba zambirimbiri pansi.

Koma mukangolemba pa intaneti kuti chivomezi cha 1989, chimene chimatuluka ndi chimodzi, San Francisco, ndipo apa ndi pamene ine ndimayamba kutentha. Pa 17 Okutobala, 5:04 madzulo, mphamvu 6.9, amachitchula kuti Loma Prieta potengera phiri limene chinayambira pafupi pake. Chinagwedeza masekondi pafupifupi 15 okha. Anafa anthu 63, ndipo 42 mwa iwowa anafera malo amodzi ku Oakland pamene msewu wosanjikizana, wina pamwamba wina pansi, wotchedwa Cypress, unagwa n'kupsinja magalimoto. Chidutswa cha mlatho wa Bay Bridge chinagwanso. Ku dera la Marina nyumba zinatitimira n'kupsa chifukwa malowo anachita kukwirira pomwe kale panali madzi, dothi lotere likagwedezeka limasanduka phala ngati la ku Tajikistan lija. Ndi tsoka lenileni, sindikupeputsa maliro a eni ake ayi. Koma chimene chinachititsa kuti dziko lonse lichidziwe n'choti madzulo amenewo kunali mpira wawo uja wa baseball, ndime yomaliza imene amati World Series, matimu a San Francisco Giants ndi Oakland Athletics, bwalo la Candlestick Park litadzaza, makamera onse ali pompo, ndiye anthu anachiona pa kanema chikuchitika. Akutinso mpirawo unapulumutsa anthu chifukwa ambiri anaweruka msanga kukaonera, apo ayi msewu uja ukanakhala wodzaza.

Ku Salima kunalibe kamera. Ku Sharora kunalibe kamera. Ndipo ndisanamizire azungu okha, ifenso ndife oiwala, chaka chomwecho mu Meyi kunabwera Papa John Paul II ndipo aliyense wamsinkhu wanga adzakuuzani nsalu imene mayi ake anavala tsiku limenelo, koma tsiku la chivomezi sadziwa, chipilala palibe, m'sukulu sitikamba, ndipo nthawi ya Kamuzu nkhani zoipa sizinkakhalitsa pa wailesi, dziko linali la mtendere ndi bata basi, nthaka ikagwedezeka ndiye kuti nthakayo ndi yosamvera. Ku America pambuyo pa Loma Prieta anagwetsa misewu ina yosanjikizana, kulimbitsa milatho, mpaka mbali ya Bay Bridge anaimanganso yatsopano. Ife tinatola njerwa zomwe zija n'kumangiranso dothi lomwe lija. Bambo anganso anatero, ndinkawapatsira ndine njerwazo. Ndiye mu Disembala 2009 Karonga itagwedezeka kwa milungu iwiri, anthu 4 kufa, nyumba masauzande kuwonongeka, tinadabwa ngati n'zachilendo. Nyumba zimene zinagwa ku Karonga zinali zofanana ndi ya bambo anga, gebulo pansi, mng'alu kuchokera pa windo.

Chaka chinatseka ndi Newcastle, osati ya ku England ayi, ya ku Australia. Pa 28 Disembala, 10:27 m'mawa, mphamvu 5.6, anthu 13 anafa, 9 mwa iwo m'nyumba imodzi ya Workers Club. Dziko lolemera, koma anthu ake ankakhulupirira kuti zivomezi ndi za ku Japan, kwawo sizifika, ndiye nyumba zakale za njerwa zopanda chitsulo zinangoyoyoka. Chimenechi ndimachikonda kuchitchula anthu akamati vuto lathu ndi umphawi basi. Umphawi ulipo inde, koma kudzinamiza kulinso ndi gawo lake.

Pena anthu amandifunsa kuti n'chivomezi kapena chivomerezi, pa wailesi amakonda chivomerezi, m'Baibulo la agogo munali chivomezi, kwathu tinkanena zonse ziwiri, mukandikonza m'makomenti sindiyankha.

Kodi 1989 chinali chaka choopsa kuposa zina?

Ayi, ndipo apa abusa a pa WhatsApp andikhululukire. Miyezi itatu chathu chisanachitike, pa 7 Disembala 1988, ku Spitak m'dziko la Armenia kunafa anthu oposa 25,000. Mu Juni 1990 ku Iran, mbali za Manjil ndi Rudbar, oposa 35,000. Mukaphatikiza onse amene anafa ndi zivomezi mu 1989 dziko lonse safika ngakhale 1,000. Chaka chanu chobadwa chinakhala pakati pa zilombo ziwiri, icho chinali chofatsa, kungoti chinatigunda ife. Zivomezi za 6 kupita m'mwamba zimachitika zoposa 100 chaka chilichonse, zambiri pansi pa nyanja, palibe amazimva.

Ndiye za puloti ija. Mangani achemwali, Salima ndi kwabwino, ine ndikanakhala ndi ndalama bwenzi ndili neba wanu. Kungoti dziwani kuti nyanja yathuyi inakhala mu mng'alu waukulu wa dziko umene ukutseguka mamilimita ochepa chaka chilichonse, n'chifukwa chake ndi yakuya mpaka mamita 700, ndiye kuchokera ku Karonga kutsika mpaka ku Chikwawa kugwedezeka kudzabweranso, kuthawira ku Lilongwe sikuthandiza kwenikweni, ndi pafupi pomwepo. Musamange pa dambo kapena pa mchenga wonyowa wa m'mphepete mwa madzi. Njerwa mumangire simenti osati dothi, muike mawaya olimbitsa khoma aja amati brick force m'mizere, m'makona njerwa zilumane bwino, ring beam, lamba uja wa konkire ndi zitsulo wa pamwamba pa khoma, izungulire nyumba yonse osati tizidutswa pamwamba pa mawindo pokha, mawindo asayandikane ndi kona, gebulo akhale wamfupi ndi womangirira, kapena denga la mbali zinayi lopanda gebulo n'komwe. Mmisiri akakuuzani kuti madamu zimenezo n'kungotaya simenti, pezani wina. Ndalama ikachepa chepetsani chipinda chimodzi, matailosi adikire.

Nyumba ya bambo ija ilipobe, mng'ono wanga wa tulo uja ndi amene akukhalamo. Mng'alu uja anaumata katatu ndipo katatu konse unabwerera pomwepo, pano anangoikapo kabati. Mukafika pa ring beam munditumizire chithunzi ndione ngati zitsulo zalowadi, amisiri enawa amaika ziwiri n'kukuuzani kuti ndi zinayi.