Mukapanikizika ku Lusaka kuno musamapemphere mobisala

Amalawi anzanga amene mwangotsika kumene basi pa siteshoni ya Intercity miyendo itatupa ndi ulendo wochokera pa boda ya Mwami, takulandirani. Za nyumba ya lendi, za ganyu, za masiku amene akudindirani pa boda ena akuuzani kale, ine ndikufuna ndinene za tsiku lomwe zinthu zidzakuthinani, chifukwa lidzabwera ndithu, ndipo kuno kulibe amalume oti muwathamangire usiku.

Ine ndinabwera 2016 ndi mashini anga osokera. Kumudzi ku Dedza ndinali munthu wa kwaya ku CCAP koma nditafika kuno ndinasiya kupita ku tchalitchi kwa zaka zambiri, osati chifukwa ndinasiya kukhulupilira ayi, anali manyazi basi. Ndinkaopa kuti ndikangotsegula pakamwa adziwa kuti uyu ndi wa ku Malawi, poti anzathu kuno amati nifuna, niyenda, ife timati ndikufuna, ndiye ayamba kufunsa za mapepala. Ndinkangopemphera ndekha m'kachipinda ku Kanyama nditatseka chitseko, mwachinong'onong'o kuti aneba asamve. Mulungu amamva ndithu zimenezo, Hana uja wa pa 1 Samueli 1 ankangogwedeza milomo mpaka Eli kumuyesa woledzera koma anayankhidwa. Vuto langa linali loti ndimabisala anthu kenako nkumazitcha kuti ndi uzimu.

Chinandisintha ndi kolera. Inayamba October 2023 ndipo pofika January 2024 inali itavuta zedi moti boma linasandutsa National Heroes Stadium kukhala malo ogonekako odwala, masukulu osatsegulidwa mpaka February. Ife a ku Kanyama ndiye tinali pakamwa pa ng'ona, mvula ikagwa madzi amangodikha, zimbudzi nkusakanikirana ndi zitsime zija zosaya. Mayi a kunyumba anayamba kutsegula cha m'ma 11 usiku, pofika 2 koloko maso atalowa mkati, khungu ukalitsina osabwerera. Ine ndinagwada pambali pa mphasa koma mawu osatuluka, ndimangoti Ambuye, Ambuye, osadziwa chotsatira. Amene anagogoda ndi amayi ena achikulire a nyumba yoyandikana, a Chigwirizano ku Reformed Church in Zambia (RCZ), omwe ndinkangowapatsa moni wa patali zaka zonsezo. Anamva kusanza kudzera pakhoma. Analowa ndi botolo la madzi owiritsa atasungunulamo kale ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, nkundiuza kuti a Phiri, pempherani mukuyenda, kasakeni galimoto. Iwo anatsala akumwetsa odwala pang'onopang'ono ndi sipuni kwinaku akuimba chapansipansi nyimbo yomweyo timaimba kwathu pamaliro ndi pa mgonero, mawu ake omwewo. Aise ndinalira ngati mwana.

Anachira mayiwo patatha masiku anayi. Masiku amenewo ndinkakhala panja pa geti la komwe anagonekedwako pamodzi ndi anthu ena odikira abale awo, Abemba, Atonga, Alozi, wina akayamba pemphero m'chiyankhulo chake tonse timangoweramitsa mitu, palibe anandifunsapo pasipoti.

Ndiye abale anga, sabata yoyamba yomweyi pezani kopemphera, musadikire mavuto. Kuno sikovuta, dziko lino a Chiluba analilengeza kuti ndi lachikhristu pa 29 December 1991, ndipo 18 October ndi holide ya mapemphero kuyambira 2015 nthawi ya a Lungu, matchalitchi ali ponseponse mpaka m'makalasi a sukulu. A CCAP mukalowa mu RCZ mudzamva ngati muli ku Nkhoma, mizu yake ndi imodzi, mishoni yawo yoyamba inali ku Magwero kufupi ndi Chipata mu 1899, ndipo CCAP yeniyeniyo iliponso. Akatolika funsani mphakati wa m'dera lanu, musamangothera pa Misa ya Lamulungu nkuthawa, a mphakati ndi amene adzabwere ndi ufa mukadzagona. Achisilamu nanunso mizikiti ilipo, ku Kamwala simungasowe. Kalembetseni dzina, adziwe pomwe mukugona. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, anthu sangalote kuti m'nyumba mwanu mwagona ndi njala.

Koma apa pokha mundimvetsetse. Munthu ukapanikizika umagula chilichonse. Chaka changa chachiwiri geni itaima ndinapita kwa papa wina, dzina sinditchula, anandiuza kuti azakhali anga kumudzi anandimanga, ndipereke mbewu kuti andimasule. Ndinapereka ndalama ya lendi yonse nkulandira kabotolo ka mafuta, kunena zoona ankanunkhira ngati ophikira omwewa kkkk. Lendi sinalipidwe, alandilodi anandichotsera chitseko, ndipo choipitsitsa ndinakhala chaka osawayankhula azakhali anga, munthu amene anandilera. Sindikunena kuti onse opempherera anthu ndi akuba, alipo oona mtima, koma mukaona pemphero lili ndi mtengo, kapena akuti siyani mankhwala a kuchipatala, kapena mlandu ukungogwera agogo akumudzi omwe sangadziyankhire, nyamukani muzipita.

Komanso musamadzikakamize kupemphera mokongola. Kawerengeni Salimo 88, munthu uja akungodandaula kuyambira poyamba mpaka pothera, akumaliza ali mumdima, koma analiika m'Baibulo momwemo. Mu 2024 madzi atachepa ku damu la Kariba magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, mashini anga a magetsi ali duu, ma oda a mayunifolomu akundidikira, ndinkamuuza Mulungu mosabisa kuti ndatopa, ndakwiya, kunyumba akufuna ndalama ya fetereza poti kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti November wapitayo ndipo akuganiza kuti kuno ndikudya bwino. Ndikatero ndimadzuka nkukabwereka mashini opalasa ndi miyendo kwa mkulu wina wa mpingo ku Chawama. Nehemiya anatero pa chaputala 4, anapemphera nkuikanso alonda usana ndi usiku. Masiku anu a pa pasipoti akamatha pempherani inde, koma mupitenso ku Immigration asanathe, pemphero silidinda chidindo.

China chaching'ono, muziwauza akumudzi zoona. Ife obwera kuno timakonda kutumiza zithunzi tili ku mashopu a Manda Hill titavala bwino pomwe tagona ndi tiyi wopanda shuga, ndiye amayi anu azikupemphererani chiyani ngati akudziwa kuti zonse zili myaa? Ine Lamulungu lililonse madzulo ndimawaimbira amayi pa WhatsApp, netiweki ikalola, amapemphera iwo uko ine ndili phee kuno, nthawi zina bandulo imathera pakati asanafike pa Amen ndiye ndimangomalizitsa ndekha.