Funsani Malume: Bambo akukana kukagona m'nyumba ya mtsamunda ku Shiwa Ng'andu

Malume, ana athu asonkherana ndalama kuti ine ndi bambo awo tikagone masiku awiri ku Shiwa Ng'andu, ati ndi mphatso ya zaka 30 za ukwati wathu. Ine mtima uli m'malere chifukwa ndimakonda maluwa, ndipo ndili ndi kanazale kuseri kwa nyumba. Koma bambo akanitsitsa. Akuti ndalama za ana awo sizingapite kukagonera bedi la mtsamunda, ndiponso ife a ku Katete tikangochita manyazi ndi mafoloko patebulo la azungu. Kodi kuli chiyani kumeneko, ndipo ndiwauze chiyani? Komanso kodi amalola kuthyolako timitengo ta maluwa kuti ndidzabzale kuno?
Mayi wa ku Chilenje, Lusaka

Amayi, musawatsutse bambowo kuti akunama, chifukwa sakunama. Nyumbayo anaimangitsa ndi mtsamunda ndithu, Stewart Gore-Browne, msilikali wa ku England amene anabadwa mu 1883. Anafika kuno mu 1911 pa ntchito yolemba malire a Northern Rhodesia ndi Congo ya Abelijiyamu. Mu 1914 anaona nyanja ya Ishiba Ng'andu, naikonda, nagula maekala 10,000 pamtengo wa mashilingi awiri ekala imodzi. Nthawi imeneyo dziko linali m'manja mwa British South Africa Company, ndiye mutha kuganiza nokha ngati eni nthaka anafunsidwa mokwanira. Anthu anamutcha Chipembere chifukwa cha ukali wake, ndipo n'zodziwika kuti antchito ankawamenya. Zonsezi bambo akazinena, avomerezeni.

Koma muwafunse kuti njerwa anaumba ndani. Ntchito yomanga inayamba mu 1920, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, ndipo njanji yapafupi inali kutali makilomita oposa 600. Kunalibe msewu woti lole n'kudutsa. Njerwa zofiirazo anaziumba ndi kuziwotcha pomwepo, matailosi a denga chimodzimodzi, matabwa anachekera m'nkhalango yomweyo, ndipo zimene sizikanapangidwa pamalopo zinabwera pamitu ya amtengatenga ndi pangolo za ng'ombe. Anachita zonsezo ndi Abemba a m'midzi yozungulira, mazanamazana, amene ambiri anali asanaonepo nyumba yosanja. Ine nditaima pakhomo paja n'kuyang'ana nsanja ndi makoma akuluakulu aja, za mzungu wa galasi la diso limodzi ndinaziiwala kaye. Ndinaganiza za munthu amene anaphunzira kugwira chipande cha amisiri m'tchire n'kuimika khoma limene laima mpaka lero. Ntchito imeneyo ndi ya anthu athu, ndipo kukana kukaiona n'kuwamana ulemu wawo. Bambo akapita, apite kukaona zimenezo.

Kenako pali mbali ina ya Chipembere imene imasokoneza anthu okonda nkhani yoongoka. Munthu yemweyu analowa mu Legislative Council, nyumba ya malamulo ya atsamunda, mu 1935 n'kukhalamo mpaka 1951, ndipo pang'onopang'ono anasiyana maganizo ndi azungu anzake pa nkhani ya ufulu wa anthu akuda. Anathandiza Harry Nkumbula, amene anadzakhala mtsogoleri wa ndale, kupita kukaphunzira ku koleji ya Makerere ku Uganda. Pambuyo pake anagwirizana ndi chipani cha UNIP n'kukhala bwenzi la mtsogoleri wake Kenneth Kaunda (KK), amene kwawo ndi ku Lubwa, kufupi ndi Chinsali, dera lomwelo. Atamwalira mu 1967 boma la Zambia linamuika m'manda mwaulemu wa boma, a Kaunda alipo, ndipo manda ake ali paphiri loyang'ana kunyanja. Ngati bambo anali a UNIP paunyamata wawo, monga ambiri a msinkhu wawo ku Chilenje, akumbutseni kuti KK anapondako kale. Sindikuti zimenezi zifafaniza mikwapulo ija. Ndikungoti nkhani yake ndi yoti munthu akaimve ali pamalopo, n'kutsutsana ndi wotsogolera alendo ngati afuna. Bambo okonda mtsutso sangasowe chochita kumeneko.

Ndalama zomangira zambiri zinkachokera kwa azakhali ake, Ethel Locke King, a ku Brooklands ku England, chifukwa famuyo siinkapindula kwenikweni. Chimene chinabweretsako ndalama chinali mafuta onunkhira ochokera ku maluwa a malalanje ndi mandimu, ogulitsa kwa opanga perefyumu, mpaka matenda atapha mitengoyo kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Nyumbayo inadzaonongeka kwambiri m'zaka za m'ma 1990, ndipo ndi zidzukulu zake zimene zinaikonzanso n'kuyamba kulandira alendo. Choncho musayembekezere hotela yonga za m'tauni muno zokhala ndi magalasi ponseponse. Ndi nyumba ya banja, yakale, yokhala ndi tchalitchi chake, laibulale yodzaza mabuku ndi makalata akale, zithunzi za makolo pakhoma, ndi mipando yolemera imene inapalidwa kalekale. Famu ikugwirabe ntchito, ndiye mudzamva ng'ombe ndi mathirakitala.

Za mafoloko zisakudetseni nkhawa. Chipembere ankavala suti yakuda pa chakudya chamadzulo ngakhale ali yekha m'tchire, koma masiku amenewo anapita. Valani monga mumavalira popita kwa asewere anu. Mipeni ndi mafoloko zikachuluka, yambani ndi zimene zili kunja kwenikweni n'kumalowera chakumbale, ndipo mukasokonezeka palibe amene adzakulembeni m'kaundula. Chofunika ndi kunena msanga, musananyamuke, ngati bambo ali ndi shuga kapena BP, kapena ngati ndi aja amene amati sanadye akapanda kuona nsima. Kukhitchini ya kutali ndi masitolo amakonza zinthu pasadakhale. Ndiponso konzekani, a kum'mawa inu, chifukwa mukupita kwa ambuya anu Abemba, amene mumaseka nawo pa chimbuya. Akangomva kalankhulidwe ka ku Katete adzakufunsani ngati mwanyamula mbewa m'chikwama. Inu musazengereze, afunseni kuti anyani a m'phirimo atsala angati. Ndaona chimbuya chikumasula anthu pakhonde msanga kuposa tiyi.

Chimene ndingadandaule nacho pa mphatso ya anawa ndi masiku. Awiri ndi ochepa poyerekeza ndi mtunda. Kuchoka mu Lusaka mudzera Kabwe, Kapiri Mposhi, Mkushi, Serenje mpaka Mpika, makilomita oposa 600, kenako pafupifupi 90 ena pa Great North Road musanapatukire kumsewu wafumbi wolowera kufamu. Msewuwo ndi wa malole opita ku Nakonde ndi Dar es Salaam, ndipo usiku suyendeka bwino. Nyamukani kusanache, kapena gonani panjira ku Serenje kuti mukafike masana muli ndi mphamvu. Ngati mulibe galimoto, basi ya ku Nakonde yonyamukira pa Intercity ikusiyani pa Mpika, ndipo sitima ya TAZARA yochokera ku New Kapiri Mposhi imaimanso pomwepo, koma pangani pangano la wodzakutengani musanakwere. Thirani mafuta pa Mpika. Anawo awonjezere usiku umodzi pa Kapishya, akasupe a madzi otentha amene ali pafupifupi makilomita 20 kuchokera kunyumbayo, m'mbali mwa mtsinje wa Mansha. Madzi ake ndi ofunda bwino, oyera mpaka mchenga wapansi kuoneka, ndipo mawondo a zaka 30 za ukwati adzathokoza. Tengani chitenje chosambira.

Mukapita mu June kapena July tengani majuzi okhuthala, chifukwa dera ndi lokwera ndipo nyumba ya makoma otero imasunga chisanu. Mvula ikayamba mu November dziko limabiriwira koma msewu wafumbi umavuta. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu musaiwale nyengo iliyonse. M'mamawa pemphani wina akuperekezeni kunyanja, mukaone puku ndipo mwina sitatunga m'madambo. Osayandikira madzi, ng'ona zilimo.

Tsono za maluwa anu. Musathyole nokha, ngakhale nthambi italendewera panjira. Dimba lotero lili ndi eni ake, ndipo alendo onse atati azithyola sipangatsale kanthu. Pezani wosamalira dimba, mupatseni moni, muuzeni kuti nanunso muli ndi nazale ku Lusaka. Anthu a ntchito imodzi sachedwa kumvana, ndipo akamadulira mitengo pamakhala nthambi zoti akanataya. Akakupatsani, sankhani zokhwima, zonenepa ngati pensulo, chotsani masamba ambiri, kulungani m'nyuzipepala yonyowa n'kuika m'pulasitiki, ndipo m'galimoto zisakhale padzuwa. Bougainvillea amagwira bwino motero mukamubzala mumchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi pang'ono.

Komabe bougainvillea ali mbwee m'manazale a m'mbali mwa misewu ya mu Lusaka muno. Chimene simungachigule kuno ndi kayalidwe kake. Tengani kope ndi pensulo, muone mmene msewu wa mitengo italiitali umakokera maso kunyumba, mmene kapinga amasiyira mpata kuti khoma lofiira lioneke, ndi pamene anaika maluwa owala ndi pamene anangosiya zobiriwira. Zimenezo zimatheka ngakhale pabwalo laling'ono, ndipo makasitomala anu adzalipira malangizo otero. Koma bulugama yekha musamutengere kwanu. Kufamu ya maekala zikwizikwi ali ndi malo, pamene pa puloti ya ku Chilenje mizu yake idzalowa m'mapaipi n'kung'amba mpanda wa aneba, ndiye mudzandilemberanso kalata ya mlandu.

Malume