Mwana akufuna kuphunzira zisudzo ku yunivesite ya mpingo: yankho kwa mayi ndi mwana wawo

Ndalandira makalata awiri ochokera m'nyumba imodzi. Yoyamba analemba ndi mayi. Mwana wawo wamkazi wakhoza bwino mayeso omaliza a sekondale, wapeza malo ku yunivesite ya mpingo, koma wakakamira kuti akaphunzire zisudzo. Mayiwo akufunsa zinthu ziwiri. Kodi Mkhristu angathe zaka zinayi akudzisandutsa munthu wina, lero chidakwa, mawa wakupha, mtima wake osadetsedwa? Nanga akamaliza adzadya chiyani? Kalata yachiwiri ndi ya mwanayo, ndipo mantha ake ndi ena. Akuopa kuti ku sukulu ya chikhristu azikangosewera timasewero ta Khirisimasi ndi Pasaka, n'kutulukako ndi digiri m'manja koma luso mulibe.

Ndiyambe ndi inu, Amayi. Funso lanu loyambalo ndi lolemera, ndipo akuluakulu a mpingo analimbana nalo kalekale. Cha m'ma 200, Tertullian wa ku Carthage analemba zoletsa Akhristu kupita kumabwalo a masewero, poti masiku amenewo masewerowo ankayendera limodzi ndi kupembedza mafano. Augustine naye anaulula kuti ali mnyamata ankakonda zisudzo kwambiri, ankalirira mavuto ongopeka a pa siteji pomwe a moyo wake weniweni sankawaona. Mu 1642 nyumba ya malamulo ya ku England, mmene Akhristu okhwima otchedwa Puritans anali ndi mphamvu, inatseka nyumba za zisudzo mu London, ndipo zinadzatsegulidwanso poyera mu 1660.

Koma mpingo womwewo unaleranso zisudzo. M'zaka za m'ma 900, m'mawa wa Pasaka, amonke ankasewera m'tchalitchi momwemo, atatu ngati amayi opita kumanda ndi zonunkhira, mmodzi ngati mngelo wowafunsa kuti akufuna yani. Patapita zaka mazana angapo, mzinda wa York ku England unali ndi masewero 48, kuyambira pa chilengedwe mpaka tsiku la chiweruzo. Ankawasewera pa ngolo m'misewu, gulu lililonse la amisiri litatenga nkhani yake: okhoma zombo anatenga kukhoma chingalawa cha Nowa, ophika buledi anatenga Mgonero wa Ambuye. Ku Oberammergau, m'dziko la Germany, anthu analonjeza Mulungu nthawi ya mliri kuti azisewera masautso a Yesu, anayamba mu 1634, ndipo mpaka pano amasewerabe pafupifupi zaka khumi zilizonse. Karol Wojtyła, amene anadzakhala Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu 1978, ali mnyamata ankasewera nawo m'kagulu ka zisudzo kamene kanayamba mobisa ku Kraków, m'dziko la Poland, mu 1941, dziko lawolo lili m'manja mwa asilikali a Nazi a ku Germany.

Mu Baibulo momwemo muli zomwezi. Mneneri Natani atatumidwa kukadzudzula Davide pa nkhani ya mkazi wa Uriya, anayamba ndi nthano ya munthu wosauka amene anamulanda kankhosa kake kamodzi kokhako. Davide anapsa mtima ndi wolemera wa m'nthanoyo, n'kumuweruza, ndipo apo mpamene Natani anamuuza kuti munthuyo ndi iyeyo. Sewero labwino limagwira ntchito chimodzimodzi. Munthu amabwera kudzaonera wina, n'kupezeka kuti akudziona yekha.

Tsiku lina ndinakhala kumbuyo m'holo ya yunivesite ina ya mpingo, ophunzira akuyeserera sewero la masautso a Yesu. Mnyamata amene ankasewera Yudasi anatulukira atakwinya nkhope, akuyenda monyang'ama, mawu ake aukali, maso akuponya uku ndi uku. Mphunzitsi anaimitsa zonse, n'kumufunsa modekha kuti: ukanakhala Petro, munthu wooneka chonchi ukanamusungitsa thumba la ndalama? Mnyamata uja anangoti kukamwa yasa. Mphunzitsiyo anamukumbutsa kuti usiku umene Yesu ananena kuti mmodzi wa iwo adzamupereka, palibe amene analoza Yudasi chala, aliyense ankadzikayikira yekha. Anayambiranso. Ulendo uno Yudasi anakhala pansi pakati pa anzake, akumwetulira, akupatsira mnzake mbale, ndipo dzanja lake lokha ndi limene linkabwerera pa thumba lija kawirikawiri. M'holomo munangoti zii. Yudasi woyamba uja sakanaopsa aliyense, chifukwa palibe amene amadziona m'chilombo. Wachiwiriyu ankafanana ndi munthu wabwinobwino amene tingakhale naye pa benchi imodzi, kapena ife tomwe.

Ndiye Amayi, ine ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti kusewera munthu woipa sikuipitsa mwana. Kumamuphunzitsa kuti tchimo limayamba pang'onopang'ono, m'mtima wa munthu amene amadziona ngati ali ndi zifukwa zomveka. Zimene ndaona zikugwetsa achinyamata pa ntchito imeneyi ndi zina: ludzu lofuna kuomberedwa m'manja, komanso kulephera kunena kuti ayi pamene wamkulu wawapempha kuchita chimene chikumbumtima chawo chikukana. Pa ziwirizi mpamene sukulu ya chikhristu yoyenda bwino imathandiza, chifukwa mwana amaphunzira kuika malire ake ali pakati pa aphunzitsi amene sangamuseke.

Tsopano iwe, mwana wanga. Mantha akowo ali ndi maziko. Mayunivesite a chikhristu ndi osiyana kwambiri. Ena ali ndi mbiri yaitali pa zisudzo, monga Catholic University of America ku Washington, kumene wansembe Gilbert Hartke anayambitsa dipatimenti ya zisudzo mu 1937, kapena Baylor University ya a Baptist ku Texas. Ena anangotsegula kosi kuti akope ophunzira, mphunzitsi mmodzi, holo yobwereka. Pa zithunzi za pa intaneti onse amaoneka okongola, koma paja chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Funso loyamba limene ukawafunse ndi ili: m'zaka zitatu zapitazi mwasewera masewero ati? Akupatse mayina ake. Ngati onse ndi a nkhani za m'Baibulo kapena olembedwa ndi aphunzitsi awo okha, dziwa kuti ukaphunzira utumiki wa masewero a mu mpingo, umene ndi wabwino ndithu, koma sudzakukonzekeretsa ntchito ya kunja. Sukulu yofuna kukupanga katswiri imakugwiritsa masewero akale a Agiriki, amene ankaseweredwa ku Athens zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, a Shakespeare, a olemba a ku Africa, ndi atsopano amene amakamba zowawa za masiku ano. Ufunsenso kuti amene amasankha masewero ndani, dipatimenti kapena akuluakulu a mpingo, ndiponso kuti akapeza mawu otukwana kapena malo opsompsonana amatani. Apa pali lamulo limene ambiri salidziwa. Sewero limene mwini wake akadali ndi umwini wake mwalamulo sulingangodulidwa kapena kusinthidwa popanda chilolezo chake. Sukulu yoona mtima imapempha chilolezocho kapena kusankha sewero lina. Imene imangodula mwakachetechete ikuphunzitsa ana chinyengo.

Uonenso mtundu wa digiri. M'mayunivesite otsata dongosolo la ku America muli mitundu iwiri. BA imakupatsa zisudzo pamodzi ndi maphunziro ena ambiri, ndipo imasiya mpata woti utengenso phunziro lachiwiri. BFA ndi ya ofuna ukatswiri weniweni, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a maphunziro ake amakhala a zisudzo zokhazokha, ndipo kawirikawiri umalowa ukapambana audition, kumene umasewera kachigawo kakafupi pamaso pa aphunzitsi. Ku yunivesite ya mpingo uwonjezerepo makalasi a Baibulo ndi mapemphero a m'chapelo, amene m'malo ambiri ndi okakamiza. Ambiri amasainitsanso pangano la makhalidwe, lokhudza mowa, zibwenzi ndi zina. Uliwerenge lonse usanasaine. Ndipo usalipire kalikonse usanatsimikize kuti digiriyo ndi yovomerezeka ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba m'dzikolo, chifukwa popanda zimenezo udzavutika kupitiriza masters kapena kulembedwa uphunzitsi.

Usaganize kuti ukupita kokasangalala. M'mawa muli m'kalasi ya mawu, kuphunzira kupuma kuchokera m'mimba kuti wokhala kumbuyo kwenikweni akumve popanda maikolofoni. Kenako kalasi ya kayendetsedwe ka thupi, kenako kusanthula sewero mzere ndi mzere motsata njira zimene katswiri wa zisudzo Konstantin Stanislavski anayala ku Moscow: munthu amene ukumusewerayu akufuna chiyani pa mphindi ino, chikumutchinga n'chiyani? Masana uli ndi hamala m'manja, kukhoma zoimika pa siteji, kapena uli pa makwerero kumangirira magetsi, kapena pa makina osokera zovala. Madzulo, anzako a maphunziro ena akuwerenga, iwe uli koyeserera, milungu ingapo yotsatizana. Mlungu womaliza sewero lisanayambe kuonetsedwa, tulo timachepa. Ukadzaona stage manager, amene amayendetsa zonse za kuseri sewero likamachitika, atakhala mu mdima ndi kanyali kakang'ono, buku la sewero lodzaza ndi zizindikiro za pensulo, akunong'oneza wa magetsi kuti akonzeke, kenako n'kumuuza kuti tsopano, kuwala n'kusintha pa liwu lenilenilo limene wosewera watchula, udzamvetsa kuti mutu umodzi susenza denga. Ndikukulimbikitsa kuti ntchito za kuseri kwa siteji uzigwire ndi manja awiri, usaziyese chilango cha amene sanapatsidwe gawo.

Ndikutero chifukwa cha funso lanu lachiwiri lija, Amayi, ndipo sindikubisirani. Ochita zisudzo ambiri padziko lonse sadya za pa siteji zokha. Ntchito imabwera ndi makontirakiti aafupi, sewero likatha umayambanso kufunafuna. Amene amapeza ntchito mosadukizadukiza kawirikawiri ndi a magetsi, a zokuzira mawu, ma stage manager ndi oyendetsa nyumba za zisudzo, chifukwa luso lawo limafunikanso pa misonkhano ikuluikulu, pa wailesi yakanema ndi m'matchalitchi akuluakulu. Ena amaphunzitsa, ena amalemba ndi kusewera masewero a pa wailesi, ena amagwira ndi mabungwe a zaumoyo ndi chitukuko pogwiritsa ntchito njira zonga za Augusto Boal wa ku Brazil, mmene oonera amakwera pa siteji n'kuyesa okha kuthetsa vuto limene likuseweredwa. Kuthandiza odwala maganizo kudzera m'zisudzo nakonso ndi ntchito, koma kumafuna maphunziro ena pamwamba pa digiri yoyamba. Ngati banja lanu likuyembekezera kuti mwanayu adzayambe kuthandiza abale ake akangomaliza, uphungu wanga ndi woti atenge BA, aphatikize zisudzo ndi uphunzitsi kapena utolankhani.

Pali chinanso choti mukambirane panopa, musanafike pa mlatho. Ku sukulu ya mpingo tsiku lopembedza amalilemekeza. Kunja kulibe zimenezo. Nyumba zambiri za zisudzo zimaonetsa masewero Loweruka ndi Lamlungu, poti ndi masiku amene anthu amapezeka, ndipo zambiri zimapuma Lolemba. Mwana wanga, udzatani tsiku limene gawo limene walilakalaka lidzagwere pa nthawi ya mapemphero, kapena pamene wotsogolera sewero adzakuuza kuti uvule zimene iwe sufuna kuvula? Ukafunse aphunzitsi akumeneko ngati amakonzekeretsa ophunzira kuwerenga kontirakiti ndi kukambirana malire awo asanasaine. Ufunsenso ngati iwo eni akugwirabe ntchito m'zisudzo za kunja kwa mpingo, chifukwa amene sanatulukeko sangakuuze za kumeneko.

Musanapange chiganizo, pitani nonse awiri ku yunivesiteyo pa nthawi imene akuonetsa sewero, ndipo mupemphe kuti akuloleni kukhala nawo poyeserera madzulo amodzi. Inu Amayi, mukaone mmene mphunzitsi amalankhulira ndi wophunzira amene walakwitsa, ndiponso ngati mtsikana akanena kuti apa sindimasuka amamumvera. Iwe mwana wanga, ukapeze wophunzira wa chaka chomaliza, aphunzitsi palibe, umufunse magawo angati amene wasewera chilowereni, ndi kumene anzake amene anamaliza chaka chatha ali lero.