Mwininyumba wasintha maganizo nditapereka kale ndalama yogwirira nyumba

Funso: Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Leicester ku England. Ndinapeza nyumba ya lendi ya mapaundi 900 pamwezi pa Facebook, ndipo nditakaiona, mwiniwake anati ndipereke mapaundi 400 kuti andisungire. Ndinapereka pamanja. Patatha masiku 10 ananditumizira uthenga pa WhatsApp woti wasintha maganizo chifukwa m'nyumbamo mulowa m'bale wake. Tsopano papita masabata atatu osandibwezera ndalama, pamene kumene ndikukhala ndinapereka kale notisi. Kodi ndingamukakamize kuti andipatse nyumbayo? Ndine mayi wa ku Leicester.

Yankho: Amayi, pepani ndi zimene zakuchitikiranizi. Makalata onga yanuyi amandipeza kawirikawiri, ndipo pafupifupi onse amafunsa za nyumba, pamene choyenera kufunsa ndi ndalama ndiponso umboni wa ndalamayo. Za nyumbayo ndikuuzeni mosabisa kuti muichotse mumtima. Ndalama yogwirira nyumba, imene kumeneko amati holding deposit, si mgwirizano wa lendi, ndipo malinga ngati simunasainirane, simunalipire lendi ya mwezi woyamba, makiyinso simunalandire, n'kovuta kwambiri kuti khoti likulowetseni m'nyumba ya munthu amene wakana. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Pa ndalama ndiye lamulo lili mbali yanu kotheratu. Lamulo lotchedwa Tenant Fees Act, limene linayamba kugwira ntchito ku England pa 1 June 2019, limanena kuti mwininyumba akasankha yekha kusapitiriza, abweze ndalama yonse yogwirira nyumba pasanathe masiku 7 kuchokera tsiku limene wapanga chisankhocho. Zifukwa zomulola kuisunga n'zowerengeka: ngati inuyo ndi amene mwabwerera m'mbuyo, ngati munapereka mbiri yabodza kapena yosocheretsa yokhudza zinthu monga malipiro anu, ngati mwapezeka kuti mulibe chilolezo chochita lendi m'dzikomo, kapena ngati mwazengereza kuchita mbali yanu iye atachita yake mpaka masiku 15 amene lamulo limapereka kuti musainirane atatha. Ngakhale pa zifukwa zimenezi ayenera kukulemberani chifukwa chake pasanathe masiku 7, ndipo akalephera kutero ndalamayo ayenera kubweza basi. Kulowetsa m'bale wake m'nyumba si chimodzi mwa zifukwazi.

Palinso china chimene simunachione. Lamulo lomweli silimulola kutenga ndalama yogwirira nyumba yoposa lendi ya sabata imodzi. Mapaundi 900 kuchulukitsa ndi miyezi 12 ndi 10,800, ndipo tikagawa ndi masabata 52 tikupeza pafupifupi 208. Iye anatenga 400, kutanthauza kuti pafupifupi mapaundi 190 anali osaloledwa kuyambira tsiku limene anawalandira. Walakwa pawiri, ndipo ngati aka n'koyamba kuphwanya lamuloli, khonsolo ikhoza kumulipiritsa chindapusa chofika mapaundi 5,000.

Koma tsopano ndikudzudzuleni pang'ono, chifukwa ufulu wonse ndafotokozawu waima pa funso limodzi: mungasonyeze bwanji kuti munapereka mapaundi 400? M'kalata yanu mwati munapereka pamanja, ndipo za lisiti simunatchulepo. Apa ndi pamene panalakwika. Ife tinaleredwa kuti kupempha lisiti kwa munthu amene wakulandira bwino kuli ngati kumuganizira zakuba, ndipo manyazi amenewa atiluzitsa ndalama zambiri. Inu mumagwira ntchito imene tsiku lililonse mumalemba nthawi imene gogo wamwa mankhwala ndi zimene wadya, chifukwa mukudziwa kuti pakabuka funso, chimene chimayankha ndi cholembedwa. Nanga ndalama yanu, imene mwaipeza pochezera usiku wonse muli chiimire, mwaipereka bwanji popanda ngakhale kapepala? Munthu wofuna kukuchitirani zachilungamo sakwiya mukamupempha kuti ndalama idutse kubanki ndiponso kuti alembe dzina lake, adiresi ya nyumba, kuchuluka kwa ndalama, tsiku ndi cholinga chake.

Mwayi wanu ndi wakuti umboni ungathe kutoleredwa ngakhale tsopano, mukafulumira. Musafufute uthenga uliwonse wa pa WhatsApp. Ujambuleni wonse, nambala yake ndi masiku zikuoneka, ndipo musunge zithunzizo pamalo enanso kupatula foni. Ngati chilengezo cha pa Facebook chikadalipo, chijambuleni asanachichotse. Tengani sitetimenti ya kubanki yosonyeza tsiku limene munatapa mapaundi 400, ndipo ngati munali ndi mnzanu popereka, alembe zimene anaona zisanaiwalike. Uthenga wake wonena za m'bale wake uja ndi wamtengo wapatali kuposa zonse, pakuti wavomereza yekha kuti wobwerera m'mbuyo ndi iyeyo.

Mukatero mulembereni, osamuimbira foni. Kalatayo ikhale yaulemu ndi yaifupi, yotchula tsiku limene munapereka mapaundi 400, adiresi ya nyumba, tsiku limene iye anasintha maganizo, dzina la lamulo lija, ndi tsiku lenileni limene mukufuna ndalama yonse ikhale italowa mu akaunti yanu. Ambiri akaona dzina la lamulo amabweza msanga, ndipo ngakhale atangoyankha kuti akubwezerani mwezi wamawa, ndiye kuti wakulemberani lisiti imene munalibe. Akakhala chete, kadandauleni kunthambi ya Trading Standards kukhonsolo ya dera lanu, komanso muli ndi ufulu wokasuma ku First-tier Tribunal, bwalo limene lingamulamule kubweza. A Citizens Advice ndi a Shelter amathandiza pa nkhani zotere popanda kulipiritsa. Mukanadzera kwa ejenti wa nyumba mukanakhalanso ndi njira yokadandaula kubungwe lomva madandaulo limene ejenti aliyense amayenera kukhala membala wake, monga The Property Ombudsman.

Popeza munthuyu munamupeza pa Facebook, fufuzaninso ngati alidi mwini nyumbayo. Ku HM Land Registry, ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo ndi nyumba, mungaone dzina la mwini nyumba pa intaneti mutalipira mapaundi ochepa chabe. Dzina likasiyana ndi limene anakupatsani ndipo iye akulephera kufotokoza kuti akuimira mwiniwakeyo motani, nkhaniyi ndi yachinyengo ndipo ipite kupolisi, chifukwa mwina si inu nokha amene munapereka ndalama pa nyumba yomweyo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kuposa mapaundi 400 ndi notisi imene munapereka musanasaine kwatsopanoko. Lamulo lija likubwezerani ndalama yanu yokha. Silikulipirani galimoto yosamukira, masiku amene munajomba kuntchito kapena malo ogona mongoyembekezera, ndipo masabata awiri okha m'malo olipira usiku uliwonse akhoza kudya ndalama yoposa imene mukulondolayi. Choncho lero lomwe pitani kwa eni nyumba imene mukukhalamo, muwafotokozere zimene zachitika, ndipo muwapemphe kuti mupitirize kukhala kapena akuwonjezereni mwezi umodzi. Iwo sali okakamizidwa kuvomera, ndiye mupite modzichepetsa asanapeze wina wolowa. Akavomera, zimenezonso zilembedwe, pakhale tsiku latsopano ndi lendi imene mwagwirizana.