Timizere tiwiri kapena kanyenyezi?

FUNSO: Akulu, ndili chaka choyamba ndipo tikuphunzira C, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta. Ine ndi mnzanga wa m'gulu lathu tasemphana pa makomenti, mawu ofotokozera olembedwa mu code amene kompyuta siwatsatira. Iye amatsegula ndi /* n'kutseka ndi */, akuti C weniweni ndi ameneyo, za // ndi za ana a Java. Ine ndimakonda // chifukwa sizichedwetsa. Sabata yatha anasintha makomenti anga onse usiku osandiuza. Akulondola ndani? Wophunzira, Zomba

YANKHO: Mnzanuyo akunena zomwe zinali zoona mpaka 1999. Chilankhulo cha C chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 chinkadziwa /* */ basi, ndipo malamulo a ANSI a 1989 anasiya momwemo. Koma zoti // ndi za Java, pamenepo waphonya. Timizere tiwirito tinalipo kale mu BCPL ya Martin Richards cha mu 1967, agogo ake a C. Bjarne Stroustrup anatibwezeretsa mu C++, kenako malamulo a C a 1999, otchedwa C99, anatilandira. Lero gcc, compiler ya C (pulogalamu yomasulira code kuti kompyuta iimve), imakana // pokhapokha mutailamula nokha ndi -ansi kapena -std=c90. Ngati aphunzitsi anu sanakuuzeni kutero, nkhani ya "C weniweni" yathera pomwepa.

Ine pa makomenti a tsiku ndi tsiku ndili mbali yanu, koma osati chifukwa cha changu. Vuto la /* */ mu C ndi lakuti komenti siilowa m'kati mwa inzake. Tiyerekeze kuti mukufuna kuyimitsa kaye mizere iwiri kuti muone pamene pakulakwika, ndiye mwaikuta chonchi:

/*
total = mtengo * kuchuluka; /* msonkho usanalowe */
total = total + msonkho;
*/

Compiler siwerenga kuti mwatsegula kangati. Ikangoona */ yoyamba, kwa iyo komenti yatha. Ndiye mzere wa msonkho wadzukanso, ndipo */ yapansiyo yatsala yokha ngati chitseko chopanda nyumba. Apa muli ndi mwayi chifukwa compiler idzakuwa. Choopsa ndi kuiwala kutseka. Komenti yosatsekedwayo imameza mizere yonse mpaka itapeza */ ya komenti ina m'munsimo, pulogalamu n'kuyenda bwinobwino koma ikupereka mayankho olakwika, inu n'kumakanda mutu mpaka m'bandakucha. Zilankhulo zina monga Rust ndi Haskell zimalola komenti m'kati mwa komenti. C ayi.

Musanapite kukamunyoza mnzanuyo, dziwani kuti // nayo ili ndi msampha wake. Lembani izi:

// mafayilo ali mu C:\data\
tsegula_fayilo();

Kamzere kopendekera kumbuyo kali kumapetoko kamalumikiza mzere wotsatira ku komenti, moti tsegula_fayilo() saitanidwa n'komwe. Misampha iwiri yonseyi gcc imakuchenjezani mukaika -Wall, ndipo sindimvetsa chifukwa chake ophunzira ambiri saika.

Kuyimitsa code yambiri nthawi imodzi, musagwiritse ntchito komenti ya mtundu uliwonse. Ikani #if 0 pamwamba ndi #endif pansi. Zimenezi zimalowana popanda vuto. Ngati code yo simuifunanso, ifufuteni, git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha mu code, ikusungirani.

Malo a /* */ alipo ndithu: ndime yaitali pamwamba pa function yofotokoza zimene imalandira ndi zimene imabweza. Mu Linux kernel makomenti aatali amalembedwa motero, mzere uliwonse kuyamba ndi kanyenyezi, ndipo mu 2016 Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, anakalipira anthu kwambiri chifukwa chongoika tinyenyezito mosalongosoka. Komabe mu kernel momwemo mzere woyamba wa fayilo ya .c, wonena za laisensi, umayamba ndi //. Mukalowa ntchito mudzapeza kuti anasankha kale, inu n'kungotsatira.

Chimene chandikwiyitsa m'kalata yanu ndi za usikuzo. Kusintha makomenti onse kumapangitsa git kuonetsa ngati mizere yonseyo yasinthidwa, ndipo git blame, imene imaonetsa amene anasintha mzere uliwonse komaliza, idzatchula iyeyo pa code imene munalemba inu. Tsiku lopereka malikisi mudzazimva kuwawa. Muuzeni achite revert (abweze zimene anasinthazo), mukhale pansi nonse, mugwirizane njira imodzi, muilembe mu README.

Mukatero muwerengenso zimene makomentiwo akunena. Zomwe ndimaona kawirikawiri ndi izi: i++; // onjezera i. Kaya muikute ndi nyenyezi kaya ndi timizere, palibe chimene yatiuza. Yerekezani ndi iyi: // sensa imatumiza 0 ikangoyaka, tidumphe nambala yoyamba. Popanda komenti imeneyi, wina adzaona mzere wodumpha nambalawo n'kuufufuta poganiza kuti munalakwitsa.