Mwana akufuna tiwailesi ta LoRa: kodi muli tsogolo m'menemu?

Mayi ena a ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, atilembera kuti mnyamata wawo wa Fomu 4 sakuwapatsa mpumulo. Akufuna amugulire tiwailesi ta LoRa, totumiza timauthenga tating'ono kutali, ati apange kachipangizo kolondola ng'ombe za agogo ake kumudzi. Funso lawo nlakuti, kodi izi si zidole zongomutayitsa nthawi?

Amayi, ngati thumba likulola, mugulireni. Koma ayambe wamvetsa chimene akugulacho. LoRa payokha siidziwa kumene ng'ombe ili. Imeneyo ndi ntchito ya GPS. LoRa imangonyamula kauthenga ka malowo n'kukafikitsa kutali, makilomita 2 mpaka 5 m'tauni, kupitirira 10 pamalo oyera, popanda SIM khadi kapena kugula data. Batire imakhalitsa chifukwa kawailesiko kamalankhula pang'ono n'kugona. Akangofuna kuti malo azioneka pa sekondi iliyonse ngati pa foni, GPS imamaliza batire msanga, mauthenganso amayamba kuwombana m'mlengalenga. Ng'ombe sithamanga ngati kombi. Uthenga umodzi pa mphindi 10 kapena 15 ndi wokwanira. Mwana amene wazitulukira yekha zimenezi poyesa, ndiye kuti uinjiniya wauyamba kale.

Si zidole ayi. Luso limeneli ndi la kampani ya Semtech, yomwe inagula Cycleo, kampani ya ku France imene inaliyambitsa, mu 2012, ndipo ku Liwonde National Park, kwathu ku Malawi, analiyika kuti lithandize kulondola nyama ndi magalimoto a alonda. Mamita a madzi ndi minda yothirira nazonso zimaligwiritsa ntchito.

Komabe asapite kukafunafuna kosi yotchedwa LoRa. Chimene mabwana amayang'ana ndi pepala la electronics kapena telecommunications, ndipo LoRa ndi kachigawo chabe m'katimo. Choncho Masamu ndi Physics azigwire zolimba mpaka A-Level, kenako ayang'ane Harare Institute of Technology ku Belvedere, University of Zimbabwe, kapena National University of Science and Technology (NUST) ku Bulawayo. Mapointi akapanda kukwana, dipuloma ya ku Harare Polytechnic si yonyozeka. Ine ndimaikonda chifukwa manja amazolowera ntchito msanga.

Pogula, atenge tiwiri, kotumiza ndi kolandira. Apewe togwiritsa ntchito mafunde a wailesi a 915 MHz, timeneto n'ta ku America. Chigawo chathu chino ambiri ali pa 868 MHz, ndipo malamulo ake afunse ku POTRAZ, bungwe la boma loyang'anira za matelefoni ndi mafunde a wailesi ku Zimbabwe. Muuzeninso kuti kumangirira kachipangizoka pa munthu kapena pa galimoto ya eni mwini wake asakudziwa n'kudziputira mlandu. Mayeso a boma a ZIMSEC ali pafupi, ndiye tiwailesito azitigwira Loweruka lokha.